Mtsikana akasanduka mbendera: mmene oukira boma m'nkhani za dystopia amagwiritsira ntchito ngwazi yachikazi

M'buku la Mockingjay, lomwe Suzanne Collins anatulutsa mu 2010 ngati lomaliza pa mabuku atatu a Katniss Everdeen, muli kagawo komwe owerenga ambiri amakadutsa mothamanga pofuna kukafika pankhondo, chonsecho nkhani yonse yagona pamenepo. Atsogoleri a gulu loukira boma anamutenga Katniss, mtsikana wa zaka 17, n'kumulowetsa mu situdiyo. Anamupaka zodzoladzola, kumuveka zovala zankhondo zosokedwa mwaluso, kumupatsa uta m'manja, kufukiza utsi kumbuyo kwake, kenako n'kumupatsa chiganizo chimodzi choti anene pa kamera. Ananena, koma zinamveka ngati mwana amene walowezedwa ndakatulo usiku wathawu. Haymitch Abernathy, bambo woledzera yemwe anamuphunzitsa kupulumuka m'bwalo la imfa, anaseka n'kuwauza kuti umu ndi mmene kuukira boma kumafera.

Dystopia ndi mtundu wa nkhani zopeka zomwe zimajambula dziko loipa kuposa lathuli, kawirikawiri la m'tsogolo, lolamulidwa ndi boma lomwe limasuzumira m'nyumba ya aliyense ndi kulanga mopanda chisoni. Nkhani zambiri zotere zimakhala ndi gulu lamseri lofuna kugwetsa bomalo, ndipo gululo limasankha mtsikana kapena mayi kuti akhale nkhope yake. Alembi ofooka amangomuveka zida n'kumuyika kutsogolo kwa asilikali. Alembi aluso amaona vuto lomwe lili pakati pa zonsezi. Gulu limamufuna mtsikanayo chifukwa anthu amakhulupirira kuti palibe anamutuma, koma likangomutenga limayamba kumutuma. Chomwe likumufunira n'chomwecho chimene limayamba kuwononga.

Chifukwa chake gulu limasowa nkhope

Dziko lopeka la Panem, momwe nkhani ya Katniss imachitikira, lili ndi likulu lolemera lotchedwa Capitol ndi zigawo 12 zomwe zimaligwirira ntchito. Chigawo 12 chimakumba malasha, 11 chimalima, 8 chimaluka nsalu, 4 ndi cha asodzi. Chaka chilichonse chigawo chilichonse chimapereka mnyamata ndi mtsikana a zaka 12 mpaka 18, osankhidwa pa maere, ndipo ana 24 amenewa amaphana m'bwalo mpaka atatsala mmodzi, dziko lonse likukakamizidwa kuonera pa kanema masewera a imfa amenewa, otchedwa Hunger Games.

Mphamvu yeniyeni ya bomali siili m'mfuti zokha ayi. Ili pa kulekanitsa anthu. Munthu saloledwa kuchoka m'chigawo chake, ndipo wa kumigodi sadziwa zomwe mlimi akuganiza. Aliyense amaliwerenga boma ngati mdani mumtima, koma amaopa kuti akadzuka adzadzuka yekha n'kuphedwa yekha. Chomwe gulu loukira limasowa choyamba si zida. Limasowa njira yoti munthu aliyense adziwe kuti anzake nawonso akwiya, ndiponso adziwe kuti anzakewo akudziwa kuti iye wakwiya. Mapepala ogawidwa usiku sangakwanitse zimenezi, chifukwa wowerenga sadziwa kuti ndi angati ena awerenga. Koma chinthu chomwe chachitika pa kanema wa boma lomwelo, aliyense akuonera nthawi imodzi, chimakwanitsa. Boma linadzimangira lokha nsanja yomwe mdani wake anadzaimapo.

Sapangidwa, amatoledwa

M'buku loyamba, la mu 2008, Katniss wa zaka 16 anachita zinthu zitatu asanadziwe n'komwe kuti kuli gulu loukira. Dzina la mng'ono wake Prim, wa zaka 12, litatuluka pa maere, iye anadzipereka kulowa m'malo mwake. M'bwalomo, Rue, kamtsikana ka zaka 12 ka ku Chigawo 11, kataphedwa, Katniss anakayimbira nyimbo mpaka katatsirizika n'kukaphimba ndi maluwa. Pamapeto, okonza masewerawo atasintha lamulo kuti iye ndi Peeta Mellark, mnyamata wochokera kwawo ku Chigawo 12, aphane, anatulutsa zipatso zapoizoni kuti onse awiri adye, ndipo boma linagonja n'kulengeza opambana awiri.

Chilichonse mwa zitatuzi chinagwira ntchito yakeyake. Choyamba chinaonetsa kuti mtsikanayu sakudzifunira chilichonse. Chachiwiri chinaswa khoma la pakati pa zigawo, chifukwa masewerawo anakhazikitsidwa kuti zigawo zizidana, koma apa wa ku 12 analira wa ku 11 ngati mbale wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Alimi osauka a ku Chigawo 11 anasonkherana n'kumutumizira buledi m'bwalomo, chinthu chomwe sichinachitikepo. Chachitatu ndiye chinali choopsa kwambiri, chifukwa chinaonetsa dziko lonse kuti boma likhoza kukakamizidwa kubweza mawu ake. Seneca Crane, mkulu wa okonza masewerawo, anaphedwa chifukwa cha zimenezi.

Gulu silingapange zinthu zotere. Lingathe kungozidikira, n'kusankha pakati pa anthu angapo omwe achita zofanana. Mbiri yeniyeni imasonyeza kusankha kumeneku poyera. Ku Montgomery m'dziko la America, Claudette Colvin wa zaka 15 anakana kupereka mpando wa m'basi kwa mzungu mu Malichi 1955. Rosa Parks anachita chimodzimodzi pa 1 Disembala chaka chomwecho, ndipo atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda anamanga kunyanyala mabasi pa nkhani ya Parks. Iye anali mayi wamkulu, wapabanja, wodziwika ndi ulemu, komanso mlembi wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP mumzindamo. Onse awiri analimba mtima, koma atsogoleri anayang'ana yemwe adani sangamupezere pomudetsera. M'nkhani ya Collins kusankhaku kuliponso, ndipo n'kowawa. Alma Coin, mtsogoleri wa oukira, ankafuna Peeta, yemwe ndi wodziwa kuyankhula ndiponso wofatsa. Anthu ndi amene anasankha Katniss, ndipo Coin anangovomera posowa pothawira.

N'chifukwa chiyani amakhala mtsikana? Zifukwa zake n'zachindunji ndipo sizokoma zonse. Boma likamenya mwana wamkazi pamaso pa anthu, nkhanza zake zimaoneka zopanda chophimba, kusiyana ndi likamenya bambo wonyamula mfuti. Amuna akuluakulu omwe akhala chete zaka zambiri amagwidwa manyazi akaona mwana wachita zomwe iwo analephera, ndipo manyazi amadzutsa anthu msanga kuposa mfundo za ndale. Mtsikana wosauka alibe mbiri ya chipani, choncho aliyense amathiramo zomwe akufuna, wina chilungamo, wina kubwezera, wina chakudya. Chomaliza, chomwe atsogoleri sanena mokweza, n'chakuti amaganiza kuti mtsikana sadzawalanda mpando. Mu 1830 Eugène Delacroix anajambula ufulu ngati mayi wonyamula mbendera akutsogolera amuna pa mitembo mumsewu wa Paris, koma amayi a ku France anadzapatsidwa ufulu wovota mu 1944. Kuyika mkazi pa chithunzi ndi kumupatsa mawu m'bwalo ndi zinthu ziwiri zomwe zingatalikirane zaka zoposa 100.

Mbalame, buledi, diresi ndi zala zitatu

Munthu sangakhale paliponse nthawi imodzi, ndiye amasandutsidwa kachinthu koti kayende. Apa Collins anakonza mosamala kwambiri. Katniss analowa m'bwalo atavala kabaji kagolide ka mbalame yotchedwa mockingjay, komwe anapatsidwa ndi Madge, mwana wa meya. Mbalameyi ili ndi mbiri yake. Pa nkhondo yakale boma linapanga mbalame zotha kuloweza zokamba za anthu kuti zizikazonda oukira. Oukirawo atatulukira, anayamba kuzidyetsa mabodza, ndipo boma linazitaya kutchire kuti zikafe. Sizinafe. Zinaswana ndi mbalame zam'tchire n'kubala mtundu watsopano woyimba nyimbo za anthu. Choncho mbalameyi ikangoonekera imakumbutsa kuti boma linalakwitsapo, ndi kuti chomwe linkafuna kuti chife chili ndi moyo.

Chizindikiro chogwira ntchito chimayenera kukhala chotchipa kupanga, chosavuta kuwononga ndiponso chokanika kuletsa. M'buku lachiwiri, Catching Fire la mu 2009, Katniss anakumana kutchire ndi akazi awiri othawa ku Chigawo 8, ndipo anamuonetsa kabuledi kopyapyala kodindidwa mbalameyo. Asilikali akatulukira, umangoponya mkamwa, umboni watha. Nthawi yomweyo anthu olemera a ku Capitol ankavala mbalame yomweyo pa malamba ndi pa zokongoletsa zina ngati fasho. Zimenezi zinalimanga manja boma, chifukwa kuletsa chizindikirocho kukanakhala kuvomereza poyera kuti chili ndi tanthauzo. Plutarch Heavensbee, mkulu watsopano wa masewera yemwe mseri anali wa oukira, anatha kumuonetsa Katniss wotchi yake yokhala ndi mbalameyo pakati pa phwando la boma.

Telala wake Cinna ndi amene anamaliza ntchitoyi. Pulezidenti Snow analamula kuti Katniss akaonekere pa kanema atavala diresi loyera la ukwati, kuti anthu amuone ngati mkwatibwi wosowa chochita. Cinna analisoka mwakuti Katniss atazungulira, nsalu yoyerayo inapsa n'kutsala nthenga zakuda ndi mapiko. Katniss sankadziwa kuti zichitika. Dziwani bwino pamenepa, chifukwa ngakhale munthu yemwe ankamukonda koposa anamusandutsa chizindikiro osamufunsa. Cinna analipira ndi moyo wake. Asilikali anamumenya Katniss akuona, atatsekeredwa kale m'chubu chagalasi chomukwezera m'bwalo.

Mwa zizindikiro zonsezi, chomwe chinatuluka m'buku n'kulowa mumsewu weniweni ndi cha zala zitatu. M'nkhaniyi ndi mwambo wakale wa ku Chigawo 12, wogunditsa zala zitatu zapakati za kumanzere pamilomo n'kuzikweza, kutanthauza kuthokoza ndi kutsanzikana ndi wokondedwa. Asilikali atalanda boma ku Thailand mu Meyi 2014, otsutsa anayamba kukweza zala zitatu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho ophunzira asanu anagwidwa ku Khon Kaen atachita zimenezi pamaso pa Prayuth Chan-ocha, mkulu wa asilikali yemwe anatsogolera kulanda bomako. Ku Myanmar chizindikirochi chinadzaza misewu asilikali atalanda boma pa 1 Febuluwale 2021. Anthu amenewa sanafune Katniss wawo. Anatenga chinthu chomwe aliyense ali nacho pathupi pake, chomwe sichingamangidwe pomanga munthu mmodzi.

Kumubisira

Pa masewera a nambala 75 boma linalengeza kuti olowa m'bwalo asankhidwa mwa omwe anapambanapo kale. Ku Chigawo 12 mkazi wopambana wamoyo anali mmodzi yekha, ndiye cholinga chinali chosabisika. Oukira anakonza zomutulutsa. Opikisana a m'zigawo zingapo anauzidwa, ena anavomera kufa pomuteteza, ndipo nthawi yothawira inatumizidwa kudzera mu buledi. Chigawo chomwe buledi wachokera chinkaimira tsiku, kuchuluka kwake kunkaimira ola. Johanna Mason anamugwetsa Katniss pansi n'kumucheka pamkono kuchotsa kachipangizo komwe boma linkamulondolera nako, iye akuganiza kuti akuphedwa.

Katniss ndi Peeta sanauzidwe kalikonse. Chifukwa chomwe anapatsidwa n'chomveka: akanagwidwa, akanazunzidwa kuti aulule. Koma pali china. Mtsikana wodziwa kuti akusewera gawo sakanaonekanso wachilungamo pa kamera, komanso akanadziwa kuti Peeta akhoza kusiyidwa, akanakana. Anasiyidwadi. Kuyambira pamenepo Katniss anasiya kukhulupirira anthu omwe ankawaimira, ndipo gulu linatsala ndi mbendera yomwe ikulikayikira.

Pangano, ndi ntchito ya kamera

Ku Chigawo 13, likulu la oukira, dera lapansi panthaka lomwe dziko linkauzidwa kuti linafafanizidwa, Katniss anazindikira kuti ali ndi mtengo wake, ndipo anapereka zofuna zake. Zina zinali zazing'ono, monga kusunga mphaka wa Prim ndi kuloledwa kukasaka panja ndi mnzake Gale. Zazikulu zinali ziwiri: kuti Peeta ndi opambana ena ogwidwa asadzazengedwe mlandu, ndi kuti iye ndiye adzaphe Snow. Anaumirira kuti Coin alengeze za chikhululukirocho pagulu. Coin analengeza, koma anawonjezera kuti Katniss akangopatuka pa ntchito yake, pangano latha. Ndi chiganizo chimodzicho, chomwe mtsikanayo ankayesa chishango chake chinasanduka chingwe chomumangira, pakuti miyoyo ya anzake inapachikidwa pa kumvera kwake.

Tibwerere ku situdiyo ija. Zitakanika, Haymitch anasonkhanitsa anthu n'kuwafunsa kuti aliyense atchule nthawi yomwe Katniss anamukhudzadi mtima. Anatchula za Prim, za nyimbo ya Rue, za zipatso zija. Zonse zinali zoti palibe anamulembera. Yankho la gululo ndi limene likuonetsa kuopsa kwa ntchitoyi. Popeza sangathe kunamizira, amutengere komwe kuli zoopsa zenizeni kuti akwiye zenizeni, kamera zili chire. Anamupukuta zodzoladzola zija n'kumutumiza ku Chigawo 8 ndi kagulu kojambula: Cressida wotsogolera, wothandizira wake Messalla, ndi ojambula awiri apachibale, Castor ndi Pollux. Anamuveka kachipangizo kukhutu kuti Haymitch azimulangiza ali m'ndege. Beetee, katswiri wa zamagetsi, anali ndi ntchito yolowerera pa kanema wa boma kuti makanemawo afike m'zigawo ndipo pambuyo pake ku Capitol komwe.

Kumeneko Katniss anayendera chipatala chomwe chinali m'nyumba yosungiramo katundu, modzaza ovulala. Sanayankhule zambiri. Odwala ankangofuna kumugwira dzanja ndi kutsimikiza kuti ali moyo. Atangotuluka, ndege za boma zinaphulitsa chipatalacho ndipo onse a mkatimo anafa. Katniss anazula kachipangizo kakukhutu kaja, anakwera padenga ndi Gale n'kugwetsa ndege ndi mivi yophulika, kenako anatembenukira ku kamera n'kumuuza Snow kuti akawatentha, nayenso apsa nawo limodzi. Kanema ameneyo ndiye anayatsa dziko. Koma taonani zomwe zinamupanga: chipatala chodzaza mitembo, ndi mtsikana amene anaphwanya lamulo la omutuma. Walira mvula walira matope. Gulu linkafuna mkwiyo weniweni, ndipo mkwiyo weniweni sumvera malangizo akukhutu. Haymitch anamuopseza kuti akadzazulanso, adzamuveka chachitsulo chokhoma kumutu kapena kumuyika china mkati mwa khutu momwe. Umu ndi mmene gulu lomenyera ufulu limayambira kugwiritsa ntchito zida za mdani wake pa munthu wake yemwe.

Zomwe boma limabwezera

Boma lanzeru silithamangira kupha chizindikiro, chifukwa manda ake amasanduka posonkhanira. Limayamba ndi kusintha tanthauzo lake. Snow anapita yekha kunyumba kwa Katniss kukamuuza kuti atsimikizire dziko kuti zipatso zija zinali misala ya chikondi, osati kunyoza boma. Zinakanika poyambirira pomwe pa ulendo wa opambana woyendera zigawo, ku Chigawo 11, pomwe iye anathokoza banja la Rue kuchokera pansi pamtima. Mkulu wina anayimba likhweru la kanyimbo ka Rue, khamu lonse linakweza zala zitatu, ndipo asilikali anamuombera mkuluyo m'mutu. Umenewu ndi mtengo womwe nkhani zofooka zimabisa. Chizindikiro chimatetezedwa ndi kutchuka kwake, koma omwe amachiyankha alibe chowateteza. Katniss atatulutsidwa m'bwalo lachiwiri, boma linatentha Chigawo 12 chonse ndi mabomba, n'kupulumuka anthu pafupifupi 800 okha.

Njira yachiwiri ndi kupanga chizindikiro china chotsutsa. Boma linamuyika Peeta pa kanema akupempha kuti nkhondo ileke, ndipo ulendo uliwonse ankaoneka wowonda ndi wonjenjemera kuposa kale. Uthengawo unali wa munthu mmodzi. Katniss atazindikira kuti chilichonse chomwe wanena pa kamera chikulipiridwa pathupi la Peeta, analephereratu kuyankhula. Oukira anatumiza asilikali kukamulanditsa Peeta, osati chifukwa chomumvera chisoni, koma chifukwa mbendera yawo inali itasiya kugwira ntchito. Anamupeza atasokonezedwa mutu ndi ululu wa mavu opangidwa ndi boma, kukumbukira kwake kutapotozedwa mpaka kumuona Katniss ngati chilombo, ndipo atangokumana anamukanyanga pakhosi.

Njira yachitatu ndi kuba nkhope yeniyeniyo, ndipo ndi yakale. Mu filimu ya Metropolis ya Fritz Lang ya mu 1927, Maria amalalikira kuleza mtima kwa antchito apansi pa mzinda. Olamulira amapanga loboti yokhala ndi nkhope yake, ndipo Maria wabodzayo amawatuma antchito kuphwanya makina mpaka madzi kusefukira m'nyumba zawo zomwe, momwe muli ana awo. Anthu omwe aphunzira kutsata nkhope amatsata aliyense wovala nkhopeyo. Margaret Atwood anafika nayo patali mfundoyi mu The Testaments ya mu 2019. Khanda lotchedwa Nicole, lomwe linazembetsedwa kuchoka ku Gilead, dziko lopeka lopondereza akazi, kupita ku Canada, limakhala pa zithunzi za mbali zonse ziwiri. Boma la Gilead limalionetsa ngati mwana wobedwa ndi adani, otsutsa amalionetsa ngati mwana wopulumutsidwa. Mwini wake akukula ndi dzina lina osadziwa kuti ndi iyeyo, ndipo gulu lamseri lotsutsa Gilead la Mayday litamuuza, posakhalitsa limamutumiza ku Gilead komweko kukatenga zinsinsi. Khanda ndi chizindikiro chosavuta kwa aliyense, chifukwa silingatsutse zomwe akulinenera.

Pomwe wakufa amaposa wamoyo

Zigawo zonse zitagwirizana, ntchito ya Katniss inali itatha. Anamuyika m'kagulu ka asilikali ka nambala 451, komwe ntchito yake inali kuombera zinthu pa kamera kumbuyo kwa omenya nkhondo enieni. Kenako Coin anatumiza Peeta, yemwe anali asanachire, kukalowa m'kagulu komweko. Boggs, mkulu wa kaguluko, ndi amene anamumasulira Katniss tanthauzo lake. Nkhondo ikatha padzasankhidwa mtsogoleri, ndipo mawu a Katniss adzalemera kuposa a wina aliyense. Ngati sakutchula Coin mosazengereza, ndiye kuti ndi chiopsezo. Chinthu chimodzi chokha chinali chitatsala choti angapereke ku gululo, ndicho kufa. Patapita nthawi pang'ono boma litalengeza molakwika kuti Katniss wafa, Coin anatulukira pa kanema ndi mawu achipepeso okonzedwa bwino, n'kudzidziwitsa ku dziko lonse ngati mtsogoleri wa oukira pa maliro a mtsikana yemwe anali moyo.

Izi si nzeru zongopeka. Joan wa ku Arc anathandiza kumasula mzinda wa Orléans ku France mu 1429 ndipo anaima pambali pa Charles VII povekedwa ufumu ku Reims chaka chomwecho. Atagwidwa ku Compiègne mu 1430, mfumuyo sinamuombole. Anatenthedwa ku Rouen pa 30 Meyi 1431 ali ndi zaka pafupifupi 19. Mlandu wake unafafanizidwa mu 1456, pomwe kumuyeretsa kunali kuyeretsanso ufumu womwe iye anathandiza kukhazikitsa. Kwathu kuno dzina la Rose Chibambo limabwera m'maganizo, ngakhale iye sanali nkhope chabe koma wosonkhanitsa amayi weniweni mu Nyasaland African Congress. Anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda, anachotsedwa pa udindo pa mkangano wa nduna wa mu 1964, anakhala ku Zambia zaka pafupifupi 30, ndipo nkhope yake inadzaikidwa pa K200 mu 2012. Gulu lomwe lapambana limakonda chithunzi kusiyana ndi munthu woti angayankhe.

Mapeto a Mockingjay amafuna kuwerengedwa modekha. Ana a ku Capitol atasonkhanitsidwa pa geti la nyumba ya Snow, ndege yokhala ndi chidindo cha boma inagwetsa timaphukusi tofanana ndi tomwe timanyamula mphatso m'bwalo la masewera. Tina tinaphulika. Achipatala a oukira atathamangira kukathandiza, totsalato tinaphulikanso, ndipo Prim, wa zaka 13, anafera pomwepo. Msampha wophulika kawiri, woyamba kuvulaza ndi wachiwiri kupha odzathandiza, Katniss anali atauonapo pa mapulani a Gale ndi Beetee ku Chigawo 13. Zonse zinaonetsedwa pa kanema nthawi yomweyo, ndipo asilikali otsala a Snow anataya zida. Bukuli silitulutsa chikalata chotsimikizira yemwe analamula, koma limasiya funso lomwe Katniss sakanalithawa: ndani anavomereza kuti mwana wa zaka 13 apite kutsogolo kwa nkhondo? Kuukira komwe kunayamba ndi mtsikana wopulumutsa mng'ono wake kunapambana ndi imfa ya mng'ono yemweyo, nayonso itakonzedwera kamera.

Kenako Coin anaitana opambana asanu ndi awiri otsala kuti avote ngati pachitike masewera omaliza ogwiritsa ntchito ana a akuluakulu a ku Capitol. Peeta, Beetee ndi Annie anakana. Johanna ndi Enobaria anavomera. Katniss anavomera, Haymitch n'kumutsatira, zinathera 4 kwa 3. Owerenga amatsutsana pa voti imeneyi, koma kuwerenga komwe kukugwirizana ndi zotsatira zake n'kwakuti Katniss anali atamva zomwe ankafuna kumva, ndipo ankafunika kuti Coin amukhulupirire mpaka atapatsidwa uta. Tsiku lophedwa Snow linakonzedwa ngati kanema womaliza: zovala za mbalame, muvi umodzi, khamu la anthu, Coin ali pakhonde lam'mwamba. Katniss anakweza uta n'kulasa Coin. M'mabuku onse atatu, aka kanali koyamba kuti agwiritse ntchito nsanja yomwe ena anamumangira pa chinthu chomwe anasankha yekha akudziwa bwino tanthauzo lake.

Zomwe boma latsopano linachita naye n'zofunika kuziona. Silikanamupha, chifukwa anali Mockingjay. Silikanavomerezanso kuti anali ndi chifukwa chomveka, chifukwa kutero kukanadetsa chipambano chonse. Linamutsekera m'chipinda yekha kwa milungu yambiri, mlandu wake n'kuzengedwa pa kanema iye palibe. Dokotala wake, Aurelius, anachitira umboni kuti nkhondo inamusokoneza mutu, ndipo pa chifukwa chimenecho anamasulidwa n'kulamulidwa kukakhala ku Chigawo 12, pakati pa phulusa. Paylor, mayi yemwe ankatsogolera asilikali ku Chigawo 8, ndiye anasankhidwa kukhala pulezidenti. M'ndege yomubwezera kwawo munali Plutarch, yemwe tsopano anali mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma latsopanolo, ndipo asanatsike anamufunsa Katniss ngati angakonde kudzayimba pa pulogalamu yatsopano ya nyimbo yomwe ankafuna kuyambitsa pa kanema.